Ndayankha zotsatsa 18, ndapeza ntchito imodzi: ndibwerere kukalembedwa?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti: "Ndinagwira ntchito zaka 13 m'mabungwe omwe si aboma, ndipo pomaliza ndinali mkulu woona za chuma ndi kayendetsedwe ka ofesi. Polojekiti yathu itatsekedwa mu 2025 ndinalembetsa bizinesi yanga ya consultancy. Ndimathandiza pa chilichonse: strategic plan, HR, maphunziro a ogwira ntchito, kafukufuku, M&E (kulondoloza ndi kuunika mapolojekiti), ngakhale kulemba ma proposal. Ndinapangitsa logo, makadi, ndi tsamba la Facebook. Ndayankha zotsatsa 18 za m'nyuzipepala koma ndapeza imodzi yokha. Ndalama zina zonse zachokera kwa abwana anga akale, amenenso akuti bajeti yawathera. Ndikulakwitsa pati? Kodi mtengo wanga ndi wokwera? Kapena n'zoona kuti popanda kudyetsa munthu sungapeze kontrakiti? Ndibwerere kukalembedwa ntchito?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zomwe mwafotokozazi sizikusonyeza kuti simudziwa ntchito. Munthu amene wasunga chuma cha bungwe zaka zonsezi, ma audit n'kumadutsa, ali nacho chogulitsa. Komanso mwayamba pa nthawi yowawa. Kuyambira Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lakunja kenako n'kutseka USAID, bungwe lake loperekera thandizolo, mapolojekiti ambiri kuno anatha mwadzidzidzi, ndipo akatswiri omwe anali m'maofesi anatulukira pamsika nthawi imodzi, onse akuyankha zotsatsa zomwezo zimene inu mukuyankha. Kupeza imodzi pa 18 pakati pa anthu osakudziwani si chachilendo. Chomwe chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi china: mphamvu zanu zonse mukuzithera pa anthu amene sanakuonenipo mukugwira ntchito, ndipo mukuwauza kuti mumachita chilichonse.

Takumbukirani mmene munkasankhira consultant (katswiri wogulitsa upangiri) muli pampando uja. Upangiri sungayesedwe usanagulidwe. Lipoti likabwera lopanda mutu, amene amakayankha pamaso pa bodi ndi opereka thandizo ndi amene anasaina kontrakiti. Choncho munthuyo amayamba ndi kudziteteza. Amaimbira mnzake wa ku bungwe lina n'kufunsa kuti, "Amene anakukonzerani finance manual uja ndani? Anamaliza pa nthawi yake?" Dzina lomwe latchulidwa pa foniyo ndi lomwe limalowa pa mndandanda wa anthu atatu ofunsidwa mitengo. Ntchito zing'onozing'ono zambiri, za masiku 5 mpaka 20, zimatha motero osafika n'komwe m'nyuzipepala. Ntchito yanu yaikulu yotsatsa ndi yakuti dzina lanu lizitchulidwa pa foni imeneyo. Logo siyingachite zimenezo.

Ndiye dzina limatchulidwa chifukwa cha chiyani? Chifukwa cha vuto limodzi lomwe anthu akudziwa kuti inu mumalithetsa. Palibe amene amafunsa mnzake kuti amupezere munthu wochita zonse. Mndandanda wanu wa ntchito zisanu ndi imodzi uja umakuikani m'gulu la anthu mazanamazana omwe makadi awo alembedwa mawu omwewo, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikaona mbiri yanu, mphamvu yanu ili pa kayendetsedwe ka ndalama za opereka thandizo. Pamenepo pali mavuto enieni omwe amasowetsa anthu tulo: bungwe laling'ono lalandira thandizo lake loyamba lalikulu ndipo lilibe ndondomeko yogulira katundu, audit yatulutsa ndalama zopanda malisiti zomwe akuti zibwezedwe, opereka thandizo akubwera kudzaunika ngati bungwe lingathe kusunga ndalama asanasaine mgwirizano, polojekiti ikutsekedwa ndipo katundu, malipiro omaliza a antchito ndi lipoti lomaliza sizinalongosoke. Sankhanipo chimodzi kapena ziwiri, muzinene m'chiganizo chimodzi chomwe mnzanu angachibwereze osalakwitsa. Mwachitsanzo: "Ndimathandiza mabungwe ang'onoang'ono kukonza mabuku ndi ndondomeko zawo kuti adutse audit ndi kauniuni wa opereka thandizo."

Ndikudziwa mantha omwe amabwera apa. Mukuganiza kuti mukadzichepetsera dera, mutaya ntchito ya HR yomwe ikanabwera. Zimayenda mosiyana. Kasitomala amene mwamukonzera mabuku bwino ndi amene adzakufunseni yekha ngati mungamuthandizenso pa strategic plan, ndipo nthawi imeneyo simupikisana ndi aliyense. Kusankha chimodzi n'kokhudza zomwe mumalengeza. Zomwe mungavomere kasitomala wakale akakupemphani ndi nkhani ina.

Mukasankha, khalani pansi ndi kope kapena Excel mulembe mayina 40 a anthu omwe anakuonanipo mukugwira ntchito. Mulembe anthu enieni, chifukwa bungwe silitchula dzina la munthu pa foni. Omwe munkagwira nawo amene tsopano ali m'mabungwe ena, ma auditor omwe ankabwera kwa inu chaka ndi chaka, oyang'anira ma grant kumbali ya opereka thandizo, atsogoleri a mabungwe ang'onoang'ono omwe munkawapatsa ndalama, mamembala a bodi, ngakhale a ku banki omwe ankasamala akaunti ya bungwe lanu. Ma auditor musawadumphe: iwo ndi amene amaona mavuto poyamba, ndipo malamulo a ntchito yawo amawaletsa kukonza okha mabuku omwe adzawaunikenso, choncho amafuna munthu wodalirika woti amutchule kwa kasitomala.

Sabata iliyonse kumanani ndi atatu mwa anthuwa, maso ndi maso ngati n'kotheka, kwa mphindi 30. Musapite ndi mawu akuti "mundipezereko kantchito." Mawu amenewo amamuika munthu pa ngongole, ndipo ulendo wotsatira sayankha foni. Pitani ndi mafunso: chikukuvutani n'chiyani chaka chino? Audit yapitayi inatulutsa chiyani? Mabungwe omwe mumagwira nawo akulephera pati? Mvetserani, mulembe. Pomaliza nenani chiganizo chanu chija kamodzi, kenako funsani kuti, "Ndani wina amene mukuona kuti ndingacheze naye pa nkhani imeneyi?" Tsiku lomwelo tumizani uthenga wothokoza, ndipo ngati pali kanthu kothandiza, monga tsamba limodzi la zinthu zoyenera kukonzeka audit isanafike, katumizeni. Pakatha miyezi itatu mubwererenso. Pa mlingo umenewu mudzakhala mutamaliza mayina 40 aja m'miyezi itatu ndi masiku ochepa, ndipo mndandanda udzakhala utakula ndi mayina atsopano. Zipatso zake sizioneka mwezi woyamba. Nthawi zambiri zimayamba kuoneka pakati pa mwezi wachinayi ndi wachisanu ndi chinayi, n'chifukwa chake ambiri amasiya asanakolole.

Nyengo nayonso ili ndi gawo. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Mabungwe ambiri omwe si aboma amatsata Januwale mpaka Disembala, ndipo bajeti ya chaka chamawa amaikonza cha m'ma Sepitembala mpaka Novembala. Mukacheza ndi mkulu wa bungwe mu Okutobala, ntchito yanu ingathe kulowa mu bajeti. Mukapita mu Febuluwale, adzakuuzani moona mtima kuti akufuna thandizo lanu koma palibe mzere wolipirira. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale maofesi amakhala zii, ndipo ma invoice amagona. Sungirani nyengo imeneyo ndalama.

Zotsatsa za mu The Nation ndi The Daily Times, za pa intaneti monga pa UNGM (tsamba la zogula za UN), pa ReliefWeb (tsamba la ntchito zothandiza anthu) ndi pa masamba a mabungwe a UN musazisiye, koma muzisankha. Proposal yabwino imadya masiku awiri kapena atatu, ndiye 18 zija zinakudyerani pafupifupi miyezi iwiri ya ntchito. Musanalembe, dzifunseni ngati mwagwirapo ntchito ziwiri kapena zitatu zofanana kwambiri ndi zomwe akufuna, ngati mukukwanitsa zofunika zonse zomwe alemba kuti n'zokakamiza, komanso ngati mukudziwa chomwe chabweretsa ntchitoyo. Mukapeza kuti mayankho ake ndi ayi, isiyeni, masikuwo muwathere pa mayina 40 aja. Chenjeraninso ndi zotsatsa zopereka masiku atatu okha pa ntchito yaikulu, kapena zofuna maphunziro ndi zaka zolunjika modabwitsa ngati zakopedwa pa CV ya munthu wina. Nthawi zambiri pamenepo pali kale amene wakhala akugwira nawo ntchito.

Mukaganiza zolemba, yambani ndi tsamba la kagawidwe ka mapointi, lomwe nthawi zambiri lili kumapeto kwa ToR, chikalata chofotokoza ntchito yomwe akufuna. Mabungwe ambiri amapereka 70 pa luso ndi 30 pa mtengo, ena 80 ndi 20, ndipo envelopu ya mtengo siitsegulidwa ngati simunafike pa mapointi odutsira a mbali ya luso. Apa ndiye yankho la funso lanu la mtengo: n'kutheka kuti pa ambiri mwa ma proposal anu, mtengo wanu sanauone n'komwe. Zomwe zimagwetsa anthu ndi zodziwika. Choyamba ndi kubwereza mawu a ToR ngati njira yogwirira ntchito. Owunika analemba okha ToR imeneyo, akufuna kuona zomwe mudzachite sabata yoyamba, anthu omwe mudzakumane nawo, zikalata zomwe mudzawerenge, ndi chomwe chingasokonekere. China ndi CV imodzi yotumizidwa kulikonse, yonena maudindo omwe munakhalapo m'malo mwa ntchito zomwe munamaliza. Ikani pamwamba ntchito zitatu zofanana ndi imeneyo, chaka chake, kukula kwa ndalama zomwe munkayang'anira, ndi munthu amene angakuchitireni umboni. Kenako pali zolakwika zomwe zimakuchotsani musanawerengedwe: kuika mtengo m'kati mwa proposal ya luso pomwe anati zikhale zosiyana, kuchedwa ndi mphindi zochepa, kapena kusowa chikalata chimodzi. Mukaluza, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuuzeni mapointi anu ndi pomwe munafooka. Si onse amayankha, koma omwe amayankha amakuphunzitsani zambiri, ndipo dzina lanu limawakhalira m'mutu.

Za zikalata ndinene mwachidule, chifukwa inu mukuzidziwa. Chikalata cholembetsera bizinesi, TPIN (nambala yanu ya msonkho), tax clearance (chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino) yomwe sinathe nthawi, akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi, ndipo ngati mukufuna ntchito za boma, za makhonsolo kapena za makampani a boma, satifiketi ya ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito m'boma. Zisungeni mu foda imodzi pa kompyuta, mulembe pa kalendala tsiku lomwe chilichonse chikutha.

Njira ina yomwe anthu oyamba kumene amaiderera ndi kulowa pansi pa kampani yaikulu. Ntchito zikuluzikulu za World Bank, za European Union ndi za maunduna zimapita kwa makampani omwe ali ndi mbiri ya zaka zambiri, ena akunja, ndipo iwo amafunikira akatswiri a kuno oti awaike m'gulu lawo. Zotsatsa za EOI (zopempha ofuna ntchitoyo kuti aonetse chidwi) zikatuluka, fufuzani makampani omwe amakonda kupikisana pa ntchito za mtunduwo muwatumizire CV yolunjika. Malipiro ake pa tsiku angakhale otsika poyerekeza ndi kugwira nokha, koma mumapeza mbiri yomwe simukanaipeza. Choopsa chake n'chakuti CV yanu ingapambanitse kontrakiti, kenako ntchito n'kupatsidwa munthu wotchipa. Musalole CV yanu kulowa mu proposal popanda pepala losainidwa lonena udindo wanu, chiwerengero cha masiku anu, ndi mtengo wa tsiku. Akakupemphani kuti musalowenso m'gulu la kampani ina, lonjezolo likhale la ntchito imodziyo basi.

Tsopano mtengo. Ambiri amatenga malipiro awo akale a pamwezi n'kugawa ndi masiku 22 ogwira ntchito, ndiye amadabwa kuti akugwira ntchito koma ndalama sizikukwana. Consultant woima payekha sagulitsa masiku onse a chaka. Mukachotsa Loweruka ndi Lamlungu, maholide, matenda, maliro, masiku olemba ma proposal, ocheza ndi makasitomala ndi otsatira malipiro, n'chanzeru kuwerengera masiku 100 mpaka 120 olipidwa. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Mukufuna K2,500,000 pamwezi, ndiye K30,000,000 pachaka. Zoyendetsera bizinesi, monga mafuta, intaneti, kukonza galimoto, akauntanti, inshulansi ya chipatala ndi zosunga za ukalamba zomwe kale ankakuthandizani abwana, tinene K12,000,000. Pamodzi K42,000,000. Mukagawa ndi masiku 110 mupeza pafupifupi K380,000 patsiku, msonkho usanachotsedwe. Ikanimo manambala anuanu. Chomwe chituluke ndi malire omwe simuyenera kutsika pansi pake popanda chifukwa chomveka. Kenako funsani anzanu awiri kapena atatu omwe amalemba ma consultant kuti pa msinkhu wanu akulipira zingati.

Kasitomala akati mtengo wakwera, musathamangire kudula mtengo wa tsiku. Chepetsani ntchito: maboma awiri m'malo mwa anayi, msonkhano umodzi m'malo mwa iwiri. Mukadula mtengo wa tsiku kamodzi, umalembedwa m'mafayilo awo, ndipo chaka chamawa adzayambira pomwepo.

Pali zinthu zitatu zomwe zimadya phindu mwakachetechete. Choyamba ndi withholding tax. Pa malipiro a ntchito ngati zanu kasitomala amadula 20 peresenti n'kutumiza ku MRA, ndiye pa invoice ya K5,000,000 m'manja mwanu mufika K4,000,000. Ndalama yodulidwayo sinatayike, imawerengedwa pa msonkho wanu wa pachaka, koma pokhapokha muli ndi umboni woti inadulidwa ndi kuperekedwa pa TPIN yanu. Umboniwo muziutenga nthawi yomweyo. Chachiwiri chikutuluka m'choyambacho: mukaphatikiza ndalama za mafuta, malo ogona, holo, alawansi ya obwera ku msonkhano ndi malipiro a otolera mayankho m'mudzi pamodzi ndi malipiro anu pa mzere umodzi, 20 peresenti ija imadulidwa pa zonse, ndipo mumapezeka mukulipirira polojekiti ya eni ake m'thumba mwanu. Zisiyanitseni mu bajeti ndi pa invoice, kapena pemphani kuti zoterezo azilipira okha. Chachitatu ndi kugwa kwa kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali pakati pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi pa mtengo wokhazikika anamaliza ntchito ndi zotayika. Lembani pa proposal kuti mtengo ukugwira ntchito masiku 60, ndipo pa kontrakiti yaitali pemphani ndime yolola kuunikanso mtengo wa zoyendera zinthu zikasintha kwambiri.

Kontrakiti isainidwe ntchito isanayambe, ngakhale kasitomala akhale mnzanu wa kutchalitchi. Malipiro agawidwe motsata zomwe mwapereka: mwina 30 peresenti pa inception report (lipoti lofotokoza mmene mugwirire ntchito), 40 pa lipoti loyamba la zomwe mwapeza, 30 pa lomaliza. Gawo lomaliza lisakhale lalikulu, chifukwa ndi lomwe limachedwa. Mulembenso kuti ndemanga pa lipoti zibwere pamodzi kuchokera kwa munthu mmodzi, pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo kukonza kukhale kawiri. Popanda ndime imeneyi lipoti limazungulira maofesi miyezi itatu, aliyense akuwonjezera chake, inu osalipidwa. Akapempha ntchito yomwe mulibe mu ToR, yankhani mwaulemu kuti mungathe, ndipo mutumiza masiku ndi mtengo wake.

Pa funso lanu la kudyetsa munthu sindikubisirani: zimachitika, ndipo tsiku lina wina adzakuuzani kuti muwonjezere kangachepe pa bajeti kuti "tigawane." Kanani. Ndi mlandu pansi pa Corrupt Practices Act kwa wopereka ndi wolandira yemwe, PPDA ingathe kukuletsani kuchita malonda ndi boma, ndipo World Bank imaika poyera mayina a omwe yawaletsa. Koma kwa inu pali chifukwa china chachikulu. Chomwe mukugulitsa ndi kukhulupirika pa ndalama. Munthu wophunzitsa mabungwe kusamala chuma akadziwika kuti amabweza ya pansi pa tebulo, palibenso auditor amene angamutchule. Amene mwamupatsa kamodzi adzafunanso, ndipo akadzachoka pa mpandowo mudzatsala opanda kasitomala komanso opanda mbiri. Kucheza ndi bungwe ntchito isanalengezedwe kuti mumve mavuto awo n'kololedwa. Kulemba ToR ya ntchito yomwe inunso mudzapikisane nawo, kapena kupempha kuona mitengo ya anzanu, n'kosaloledwa. Pali makasitomala okwanira omwe akufuna ntchito yabwino basi, ndipo ambiri a iwo amapezeka kudzera mwa anthu omwe ali pa mndandanda wanu uja.

Kudalira abwana anu akale kwakuonetsani kale kuopsa kwake. Yesetsani kuti kasitomala mmodzi asapitirire theka la ndalama zanu za pachaka, ndipo musaike zonse pa opereka thandizo. Ma SACCO, makopaletivi a alimi, sukulu ndi zipatala zoyendetsedwa ndi anthu wamba kapena mipingo, ndi mabizinesi a pabanja omwe akula mpaka mwini wake sangathenso kuona chilichonse yekha, onsewa ali ndi mavuto omwe inu mumawadziwa: katundu wosowa m'sitolo, ngongole zosatoleredwa, malipiro osokonekera, banki yofuna mabuku omveka isanapereke ngongole. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo salemba ToR ndipo ndalama zimachoka m'thumba mwawo, choncho sagula "masiku 20 a consultancy." Apatseni kanthu kakang'ono ka mtengo wodziwika: masiku atatu oyang'ana mabuku, kaundula wa katundu ndi kayendedwe ka ndalama, kenako masamba asanu onena mabowo asanu akuluakulu ndi chochita pa lililonse. Lipotilo mukalifotokoze pakamwa, m'Chichewa ngati ndi chomwe mwini wake amamasuka nacho. Akaona phindu, muwapatse mgwirizano wa masiku awiri pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Makasitomala atatu otere amalipira lendi ndi fizi pamene mukudikira ntchito zazikulu. Ntchito yoyang'ana ija musaigwire ulere. Kucheza kwa ola limodzi kungakhale kwaulere, koma zaulere za masiku atatu sizilemekezedwa, ndipo malangizo ake satsatidwa.

Tsamba lanu la Facebook lisakutayitseni nthawi yambiri. Anthu omwe amasaina makontrakiti a mtundu wanu amakufufuzani pa LinkedIn ndi pa Google atamva kale dzina lanu, ndiye zomwe apeze zigwirizane ndi chiganizo chanu chija. Kawiri pamwezi lembani kanthu kafupi kochokera pa zomwe mumadziwa, monga zifukwa zomwe ma auditor amakanira malisiti a mafuta, kapena zoyenera kuchita miyezi itatu polojekiti isanatsekedwe. Musatchule kasitomala kapena zinsinsi zake. Zolembazo muzitumizanso pa WhatsApp kwa anthu ochepa omwe zikuwakhudza, mmodzimmodzi. Kuyankhula pagulu kumaposa zonsezi. ICAM (bungwe la ma akauntanti), IPMM (la oyang'anira antchito), CONGOMA (la mabungwe omwe si aboma) ndi MCCCI (la amalonda) amakhala ndi misonkhano ndi maphunziro a mamembala awo. Mphindi 20 pamaso pa anthu oyenera, mukufotokoza vuto lomwe akulidziwa, zimachita zomwe makadi mazana sangachite. Kukangokhala nawo pa msonkhano wa kunyanja ku Mangochi ndi ndalama zanu, popanda mwayi woyankhula, ndi kodula kwa munthu amene akuyamba.

Ntchito imodzi yomwe munapeza ija ndi chuma chomwe mwina simunachigwiritse ntchito. Pemphani kalata yotsimikizira kuti munamaliza, yonena ntchito yake ndi chaka. Pakatha miyezi itatu imbani mufunse kuti mwa zomwe munalangiza, n'ziti zatheka ndipo n'ziti zakanika. Ma consultant ochepa kwambiri amachita zimenezi, ndipo pa foni yotere ndi pomwe ntchito yachiwiri imabadwira. Ndiponso ntchito zikadzayamba kubwera, musadzasiye kucheza ndi anthu. Sungani theka la tsiku sabata iliyonse ngakhale mutapanikizika chotani, chifukwa mukasiya mu Juni, njala yake imaoneka mu Okutobala.

Za kukula musafulumire. Ofesi ya lendi ndi antchito okhazikika zimafuna ndalama mwezi uliwonse, pomwe ndalama zanu zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo wantchito wokhazikika amabwera ndi PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro) komanso penshoni yomwe olemba ntchito amaikapo 10 peresenti. Yambani ndi anzanu awiri kapena atatu a luso losiyana ndi lanu omwe mungawaitane pa ntchito imodziimodzi, ndi pepala lonena masiku, mtengo, ndi kuti alipidwa liti. Ntchito yawo muziiwerenga yonse isanapite, popeza dzina lomwe lili pachikuto ndi lanu. Woyamba kumulemba ntchito akhale wokuthandizani pa ma invoice, misonkho ndi zikalata, ngakhale masiku awiri pasabata. Katswiri wokhazikika adzabwere mukadzaona kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi mwakhala mukukana ntchito chifukwa chosowa manja, ndipo malipiro ake a theka la chaka ali kale ku banki.

Pali pomwe muyenera kufuna thandizo la ena. Ngakhale ndinu wa zachuma, onanani ndi katswiri wa misonkho wolembetsedwa ku ICAM pa nkhani ya provisional tax (msonkho wolipiriratu chaka chisanathe), pa nthawi yoyenera kulembetsa VAT popeza malire ndi mlingo wake zimasintha ndi bajeti ya boma, komanso ngati mungayenere satifiketi yoti asamakuduleni withholding tax. Loya awerenge kontrakiti iliyonse yomwe ikukusenzetsani udindo wopanda malire pa zotayika za kasitomala, yomwe ili pansi pa malamulo a dziko lina, kapena yomwe ikulanda umwini wa zida zanu zogwirira ntchito. Ena adzafuna inshulansi ya professional indemnity, yolipira kasitomala ngati upangiri wanu wamuluzitsa. Funsani mtengo wake musanapereke mtengo wanu. Invoice ikadutsa masiku 90 mutakumbutsa polemba kawiri, kalata ya loya ndi yoyenera, ndipo musayambe gawo lina la ntchito kwa amene sanalipire loyamba.

Kodi mubwerere kukalembedwa? Yankho lili m'thumba mwanu ndi pa kalendala. Ngati muli ndi ndalama zosamalira banja miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, dzipatseni miyezi isanu ndi inayi yochita zomwe tafotokozazi mosadumphitsa, muzilemba sabata iliyonse anthu omwe mwakumana nawo, omwe akupemphani mtengo, ndi makontrakiti omwe asainidwa. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi muyenera kuona anthu osachepera awiri kapena atatu akukufunani okha, atamva kwa wina. Zikatero, pitirizani. Ngati zosunga zanu zatsika kufika pa miyezi itatu ndipo palibe kontrakiti yosainidwa, funani ntchito yolembedwa kapena ya masiku atatu pasabata popanda manyazi, bizinesi ikhalebe yolembetsedwa ndi ma return a msonkho akuperekedwa. Mukatero, werengani bwino kontrakiti ya ntchito yatsopanoyo pa ndime ya ntchito zapadera, ndipo muwauze abwana anu polemba za kasitomala aliyense amene mukumuthandiza pambali.